Kodi Loya wa Amphawi Amadya Chiyani? Zomwe Ndapeza mu Just Mercy

Sabata ino a admin apereka mpata kwa ine, ndiye mundipirire, chifukwa ine si mphunzitsi kapena mlembi wa mabuku. Ndimagulitsa nyemba, mpunga ndi mtedza pa benchi mumsika, ndipo sukulu ndinalekezera Fomu 4. Buku lomwe ndikufuna tikambirane ndi la Chingerezi, Just Mercy, lolembedwa ndi loya wa ku America, Bryan Stevenson, ndipo linatuluka mu 2014. Ambiri mwa inu mwina munaonera filimu yake ya 2019, ija muli Michael B. Jordan ndi Jamie Foxx. Ine filimuyo ndaonera kawiri. Bukulo ndawerenga kamodzi, pang'onopang'ono, miyezi iwiri yathunthu, masana makasitomala akachepa, dikishonale ya pafoni ili pambali.

Ndiyambe ndi kuulula kuti bukuli ndinaliyamba ndili wokwiya. Mng'ono wanga wamaliza maphunziro a zamalamulo ku Zomba. Fizi, ya chakudya, ya mabuku, zambiri zinatuluka pa benchi langali, zina ndinachita kukongola ku banki m'khonde. Tonse kunyumba tinkadziwa kuti akamaliza alowa ku kampani ya maloya, ndipo nyumba ya amayi ilandira malata atsopano. Ndiye tsiku lina anabwera kumsika, n'kukhala pa thumba la mpunga, akuti, "Achemwali, ine ndasankha kukagwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu ochotsedwa ntchito mopanda chilungamo. Anthuwo salipira." Ndinamufunsa funso limodzi lokha: "Nanga iweyo uzidya chiyani?" Sanandiyankhe. Anangotulutsa bukuli m'chikwama n'kulisiya pa sikelo yanga. Choncho dziwani kuti ndaliwerenga ngati munthu wofuna kudziwa kuti ndalama zake zapita kuti.

Kwa inu amene simukuidziwa, nkhani yake ili motere. Mu November 1986, mtsikana wachizungu wa zaka 18, Ronda Morrison, anaphedwa m'shopu yochapa zovala momwe ankagwira ntchito, m'tauni ya Monroeville ku Alabama. Panadutsa miyezi apolisi osapeza wakupha. Mu 1987 anagwira Walter McMillian, bambo wachikuda wodula mitengo. Tsiku lomwe mtsikanayo anaphedwa, Walter anali pakhomo pake, pomwe achibale ndi anthu a mumpingo ankakazinga nsomba zogulitsa, ndipo ambirimbiri anamuona. Koma mlandu anausamutsira ku dera lina lodzaza azungu, ndipo unatenga tsiku limodzi ndi theka basi. Anthu wamba 12 omwe amagamula milandu yotere kumeneko, 11 mwa iwo azungu, anakhulupirira mkaidi wina, Ralph Myers, yemwe nkhani yake inalibe mutu. Iwo anati Walter akakhale kundende moyo wake wonse. Jaji anakana, n'kulamula kuti aphedwe. Ndipo tamverani izi: munthuyo anali atamutsekera kale m'zipinda za oyembekezera kuphedwa mlandu usanazengedwe n'komwe.

Stevenson atautenga mlanduwu anapeza matepi momwe Myers ankauza apolisi kuti sakudziwa kalikonse za kuphedwa kwa mtsikanayo. Anapezanso kuti galimoto ya Walter, yomwe mboni ina inati inaiona pashopupo ili yotsitsidwa pansi, anaitsitsa patadutsa miyezi mtsikanayo ataphedwa kale. Mu 1992 Myers anaima m'khoti n'kuvomera kuti ananama. Jaji anakanabe kumasula Walter. Zinatengera pulogalamu ya pa TV ya 60 Minutes komanso khoti la apilo kuti munthuyo atuluke, mu March 1993, atakhala zaka 6 akudikira mpando wamagetsi.

Tiyambe ndi filimu, poti ndi yomwe ambiri mukuidziwa. Sindiinyoza ayi. Imayamba bwino kwambiri: Walter ali m'nkhalango, wagwetsa mtengo, akuyang'ana kumwamba pakati pa mitengo ya paini, munthu wokhutira ndi ntchito yake. Jamie Foxx amasewera ngati bambo amene chiyembekezo chinamupweteka kale ndipo sakufunanso kuchikhudza. Ndipo usiku womwe akupha mkaidi mnzake, Herbert Richardson, akaidi ena akumenyetsa makapu pa zitsulo kuti adziwe kuti sali yekha, ine ndinalira, osanama. Koma ife a mumsika timadziwa kaikidwe ka tomato pa mulu: wonyezimira pamwamba, wofewa pansi. Filimuyi ndi mulu wotero. Ili ndi loya mmodzi wanzeru, munthu mmodzi wosalakwa, ndi tsiku limodzi lopambana. Ukamaliza kuonera umaganiza kuti ntchito imeneyi mathero ake ndi kukumbatirana pakhomo la ndende. Ndinaopa kuti mwina mng'ono wanga wagula tomato wapamwambayo osayang'ana pansi.

Bukulo ndi lomwe limakuonetsa pansi pa mulu. Kalembedwe kake koyamba kanandinyansa. Mutu umodzi ndi wa Walter, wotsatira wakutengera kwa munthu wina, kenaka kubwereranso kwa Walter, chonchobe mpaka kumapeto. Ine mtima uli dyokodyoko kufuna kudziwa za matepi aja, iye wandipititsa kwa mnyamata wa zaka 14 yemwe anawombera chibwenzi cha mayi ake chitawamenya mpaka kukomoka, ndipo atatsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu anagwiriridwa. Ndikubwerera kwa Walter, wandipititsanso kwa Marsha Colbey, mayi wosauka yemwe anabereka mwana wakufa kale koma anamuweruza ngati wapha. Ndinafika poti, kodi bamboyu satha kumaliza nkhani imodzi? Koma chapakati ndinazindikira kuti kalembedweko ndiye ntchitoyo. Milandu siima pa mzere kudikira kuti umalize wina. Foni ikulira uli pakati pa mlandu wa Walter, ndipo woimbayo akuti tsiku lake lophedwa laikidwa kale. Wolemba akukutopetsa dala kuti ulaweko kutopa kwake. Pamenepa ndiye pomwe bukuli lapambana filimu, ndipo ndi luso lenileni ngakhale silioneka ngati luso.

Chinanso, filimu imatsamira pa munthu wosalakwa, chifukwa wosalakwa ndi wosavuta kumumvera chisoni. Bukulo ladzaza anthu olakwa. Herbert Richardson, msilikali wakale yemwe nkhondo ya ku Vietnam inamusokoneza mutu, anatcheradi bomba pakhomo la mkazi yemwe anamukana, ndipo linapha mwana wamkazi. Stevenson sabisa zimenezi. Funso lake ndi loti, munthu akalakwa, kodi ndiye kuti chilichonse chomwe boma lingamuchite ndi chololedwa? Inu ndi ine tikudziwa zomwe zimachitika wakuba akagwidwa mumsika. Ine ndinakuwapo nawo, sindinama. Buku lomwe lingakuchititse manyazi ndi kukuwa kwako komwe, popanda kukulalikira, ndi buku lolembedwa bwino.

Tsopano tifike pa funso langa lija, loti loya wotere amadya chiyani. Apa bukuli silinandinamize. Stevenson anaphunzira ku Harvard, sukulu yomwe anzake ankatuluka n'kukalowa m'makampani a ndalama zochuluka. Mu 1983, akadali pasukulu, anapita kukaphunzira ntchito ku bungwe laling'ono la ku Atlanta loimira akaidi, lotsogozedwa ndi Steve Bright. Ntchito yake yoyamba inali yongopita kundende kukauza mkaidi wina kuti saphedwa m'chaka chikubweracho, ndipo anapita akunjenjemera, akupepesa kuti iye si loya weniweni. Atamaliza sukulu anabwerera komweko, ndipo kwa nthawi yaitali ankagona pa sofa ya bwana wakeyo chifukwa ya lendi inali yovuta. Mu 1989 iye ndi mayi wina, Eva Ansley, anatsegula ofesi yawo ku Alabama, yomwe lero ndi bungwe la Equal Justice Initiative ku Montgomery. Miyezi yoyambirira yomweyo mkulu yemwe anamulemba ntchito anasiya, yunivesite yomwe inalonjeza malo a ofesi inabweza mawu, ndipo maloya ovomera kugwira ntchitoyi pa malipiro osakwana 25,000 dollars pa chaka ankasowa. Kwa ife ndalamayo ikumveka ngati phiri, koma kwa loya wa kumeneko inali yonyozeka. Mlandu wa Walter utatentha, anthu ankaimba foni kuopseza kuti aphulitsa ofesi. Kenaka chapakati pa zaka za m'ma 1990 boma linadula thandizo lomwe linkapereka ku maofesi otere, n'kutsala odalira anthu akufuna kwabwino.

Ndiloleni ndiziwerenge izi ngati wamalonda. Iyi ndi geni yomwe kasitomala wako salipira, mpamba wako ndi wopempha, ndipo katundu amatenga zaka kuti atuluke. Wopereka ndalama akangosintha maganizo, magetsi azima, mafayilo a anthu ali pa tebulo. Nditawerenga gawo limeneli ndinaimbira mng'ono wanga kumufunsa kuti kontirakiti yake ndi ya zaka zingati. Akuti chaka chimodzi, china adzaona ngati thandizo lipitirire. Ndinati eya, ndiye bukuli silikunena za ku America kokha. Aliyense wa inu amene mwana kapena m'bale wake akulakalaka ntchito ya m'mabungwe omenyera ufulu, adziwiretu chimenechi: mutu umakhala pa mlandu, koma theka la mtima limakhala pa kupempha ndalama.

Ndipo kuluza n'kochuluka kuposa kupambana. Herbert Richardson anaphedwa mu August 1989, Stevenson atayesa makhoti onse m'masiku ochepa omwe anali nawo. Chomwe chinandikhala pamtima n'choti tsiku lomalizalo aliyense kundendeko ankamufunsa Herbert chomwe akufuna, chakudya, khofi, masitampa, pomwe moyo wake wonse wovutika palibe anamufunsapo. Chakumapeto kwa buku kuli Jimmy Dill, mkaidi wachibwibwi, yemwe akuimba foni maola ochepa asanaphedwe, akulimbana ndi lilime lake kuti angothokoza. Stevenson atatsitsa foni anafuna kusiya ntchito yonse. Apa patadutsa zaka zoposa 20 akugwira, ali wotchuka kale, atalandira kale mphoto. Mutu umenewo ndi womwe ndinaukhulupirira kuposa yonse, chifukwa ndi pomwe munthuyo anaoneka wotopa ngati ife. Filimu ilibe Jimmy Dill.

Tsopano ndinene zomwe sindinagwirizane nazo, poti gulu lino silakuombera m'manja chabe.

Choyamba ndi chachikulu. Walter McMillian anali wageni ngati ine. Anakula akuthyola thonje, sukulu sanapite nayo patali, koma anadzigulira zipangizo n'kuyamba bizinesi yake yodula mitengo yopangira mapepala. Sankalembedwa ndi mzungu aliyense, ndipo Stevenson akunena yekha kuti kudziimira kumeneku, pamodzi ndi chibwenzi chomwe anali nacho ndi mkazi wachizungu, n'komwe kunapangitsa anthu ena kumuyang'ana ndi diso loipa. Ndiye atatuluka mu 1993, anapeza chiyani? Bizinesi inali itatha. Banja linali litasweka. Nthawi imeneyo kunalibe lamulo lokakamiza boma la Alabama kupepesa munthu womangidwa molakwika. Atasuma, nkhani inakafika mpaka ku khoti lalikulu la dziko lonse la America, lomwe mu 1997 linagamula kuti dera lakwawo silingalipire zolakwa za mkulu wa apolisi amene anamumanga. Anapezako kenakake kuchokera kwa ena omwe anawasumira, koma mkulu wa apolisiyo anapitiriza kusankhidwa pa udindo wake zaka zambirimbiri. Walter anabwerera kukadula mitengo, nthambi inamugwera n'kumuthyola khosi. Anayamba kugulitsa zitsulo za magalimoto akutha. Kenaka anadwala matenda oiwalaiwala, ndipo ali kumalo osamalira odwala ankaganiza kuti amubwezera kundende kuja. Anamwalira mu 2013.

Filimu zaka zimenezi sizionetsa. Bukulo limazinena, ndipo ndikulithokoza. Koma limazinena ngati chisoni chotsatira, ngati mvula yakumapeto kwa dzinja, pomwe kwa ine ndi theka la mlandu wonse. Inu amene mumagulitsa mukudziwa. Ungodwala masabata awiri, makasitomala ako azolowera benchi la mnzako. Ukhale mwezi, mpamba wadyedwa ndi ana. Ukhale chaka, malo ako apatsidwa wina. Nanga zaka 6? Stevenson ndi katswiri powerengera zaka zomwe munthu wabedwa, koma sawerengera kwenikweni ntchito yomwe munthu wabedwa, macheka omwe anachita dzimbiri, makasitomala omwe anapita. Mutu wa buku ukunena za chifundo. Chabwino. Koma chifundo sichibweza mpamba. Khoti likhoza kutsegula chitseko cha ndende, koma munthu wantchito akatuluka amafuna pogwira, ndipo pamenepo bukuli limafulumira kudutsa.

Ndili pakati podandaula choncho m'pamene ndinakumbukira bambo athu, ndipo ndinatseka buku tsiku limenelo. Anagwira ntchito ya ulonda zaka 11 pa kampani ina. Tsiku lina katundu atasowa, alonda onse a usiku umenewo anapatsidwa kalata ya mizere itatu. Panalibe kuwamva mbali yawo, panalibe ya notisi, panalibe ya zaka zomwe anagwira. Bambo anayenda m'maofesi ndi kalatayo ili m'jumbo kuti isanyowe, mpaka nsapato zinatha, ndipo anamwalira asanalandire ngakhale tambala. N'chifukwa chake ine nditalemba Fomu 4 ndinalowa mumsika. Nthawi imeneyo mng'ono wanga anali ndi zaka 9, ndipo ndi amene ankawaperekeza. Malamulo analipo. Lamulo la zantchito la 2000 limanena kuti munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo khoti loona za antchito, Industrial Relations Court, linalipo kale. Chomwe bambo analibe ndi munthu wodziwa khomo loyenera kugogoda, kalata yoyenera kulemba, ndi nthawi yomwe madandaulo amayenera kufika. Ndiye taonani: mpata womwe ndikuudandaula m'buku la Stevenson ndi womwe mng'ono wanga akufuna kukaimamo. Milandu yake sidzakhala ndi filimu. Palibe adzapange filimu ya mlonda wofuna ndalama yake ya notisi, kapena ya mtsikana wantchito zapakhomo yemwe sanalipidwe miyezi inayi. Koma pamenepo ndi pomwe mabanja amagwera.

Chachiwiri chomwe sindinakonde: Stevenson amabisa moyo wake. Amatiuza za agogo ake aakazi omwe anamuphunzitsa kuti zinthu sungazimvetse uli patali, ndi za agogo ake aamuna omwe anaphedwa ndi achinyamata akuba iye ali mnyamata. Koma kupitirira apo, zii. Ndani ankamudikira kunyumba? Ndani anataya chiyani chifukwa iye anasankha njira imeneyi? Mu filimu muli kachigawo komwe mayi ake akuopa kuti ku Alabama akamupha. Amenewo ndi mantha enieni, koma si athu. Kwathu kuno munthu mmodzi akafika ku yunivesite, kumbuyo kwake kumakhala anthu khumi omwe anadzimana, ndipo digiriyo amaiona ngati munda wa banja lonse. Iye akati ndikukatumikira amphawi, amphawi oyamba kufunsa amakhala a m'nyumba mwake momwe. Bukuli silikuwadziwa anthu ngati ine. Limalemba za mtengo womwe mkaidi amalipira ndi womwe loya amalipira, koma osati wa amene anasenza loyayo. Mwina si mlandu wake, poti analemba za kwawo. Koma inu owerenga a kuno muonjezere nokha mutu umenewo.

Chachitatu, mawu a wolembayu ndi oyera mopitirira. M'masamba onsewa simupeza kawirikawiri pomwe iye analakwitsa, pomwe anakalipira wantchito mnzake, kapena pomwe anakana mlandu n'kudzanong'oneza bondo. Munthu wodzilemba yekha amadzisambitsa, ndi chibadwa, koma zimachepetsa kukoma. Ndipo anzake amaima mumthunzi. Eva Ansley, yemwe si loya, ndi amene ankayendetsa ofesi ndi kusaka ndalama kuti isatsekedwe. Loya wachinyamata Michael O'Connor ndi amene anayenda naye m'midzi ya ku Monroeville kufunafuna mboni ndi kufukula mapepala, koma mu filimu mulibemo n'komwe. Vuto lake n'loti wachinyamata akawerenga amaganiza kuti ntchitoyi ndi kukhala Stevenson, kuima m'khoti lalikulu anthu n'kumamvetsera. Ambiri amene alowe ntchitoyi adzakhala a Eva: olemba makalata, owerengera ndalama, okwera minibasi kukasaka mboni yomwe inasamuka.

Ndipo kuno kwathu umboni wake ulipo. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti lathu lalikulu linagamula kuti n'kusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kukakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, osayang'ana momwe zinakhalira. Chigamulo chinali chokoma pa pepala, koma akaidi anadikirabe zaka. Milandu yawo itayamba kumvedwanso mu 2015, ntchito yaikulu inagwiridwa ndi maparalegal, anthu ophunzitsidwa za malamulo koma osakhala maloya, monga a bungwe la PASI. Ndi amene ankapita m'midzi kukacheza ndi mafumu ndi achibale kuti khoti lidziwe moyo wa mkaidi aliyense. Akaidi oposa 100 anatuluka. Mayina a amene anayenda m'fumbi kukatola nkhanizo ndani akuwadziwa?

Ndisanamalize, ndikuchenjezeni kuti musalitenge bukuli ngati chovala cha pa kaunjika chomwe mungangovala osachepetsa. Mizu ya nkhani ya Walter ndi khungu: ukapolo, tsankho, ndi tauni yomwe imanyadira kuti ndi kwawo kwa Harper Lee, mlembi wa buku lotchuka la munthu wachikuda wonamiziridwa mlandu, pomwe yokha ikuchita zomwezo kwa munthu wamoyo. Stevenson amaibwereza mfundo imeneyi kangapo, mwina mopitirira pang'ono, koma ndi yoona. Kuno wokumanga ndi womangidwa khungu ndi limodzi. Chotisiyanitsa ndi thumba. Komabe pali ulusi umodzi wolumikiza, ndipo ife a mumsika tinaugwira ndi manja. Mukukumbukira vakabu? Mu March 2015, wogulitsa majumbo wina, Mayeso Gwanda, anagwidwa ndi apolisi ku Blantyre m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa katundu wake. Mlandu wake unali wongopezeka pamsewu nthawi imeneyo. Mabungwe omwe si a boma, CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre, anathandiza kuti nkhaniyi ifike ku khoti lalikulu, ndipo mu January 2017 majaji anagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, lomwe apolisi ankamangira anthu motero, ndi losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Ine ndimadzuka 3 koloko kukapikula mpunga galimoto zikamafika. Zaka zonsezi ndinkangodziwa kuti za vakabu zinasintha, osadzifunsa kuti anasintha ndani. Panali maloya omwe anakhala pansi miyezi yambiri kulemba mapepala a mlandu wa munthu wogulitsa majumbo, yemwe sakanatha kuwalipira ngakhale ya tsiku limodzi. Sindikunena kuti mavuto athu pamsewu anatheratu, ayi, inu mukudziwa. Koma ndinadya nawo phindu la geni ija ndimati ilibe phindu. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiye funso langa lija, loti loya wa amphawi amadya chiyani, linatembenuka n'kundiyang'ana: nanga iweyo wakhala ukudya za ndani?

Musaganize kuti buku landitembenuza mtima ngati ulaliki wa pa depoti. Nyumba ya amayi ikudonthabe. Ngongole ya ku banki m'khonde ndikubwezabe. Mwana wanga wamkazi alowa Fomu 1 chaka chamawa, ndipo ndinkawerengera kuti azakhali ake aloya ndi amene adzanyamule fizi. Zimenezi Stevenson sangandilipirire. Mng'ono wanga atabwera kudzatenga buku lake ndinamuuza zinthu ziwiri. Ndinati, "Pita, koma walira mvula walira matope. Usadzabwere kuno ukulira kuti malipiro achedwa, chifukwa bukuli wandipatsa wekha ndipo zonse zalembedwamo." Ndinatinso, "Teremu iliyonse theka la fizi ya mwanayu ndi lako, kaya bungwe lanu lapeza thandizo kaya ayi. Chilungamo chiyambire pa benchi lino." Anaseka, kenaka anaona kuti sindikuseka, n'kuti, "Ndamva, achemwali."

Chigamulo changa ndi ichi. Filimu ionereni, ndi yabwino, koma ikupatsani njala ya kupambana. Bukulo likupatsani chithunzi cha ntchito yeniyeni: malipiro ochepa, ndalama zopempha, milandu yosatha, kuluza kochuluka, ndi kupambana komwe kumabwera mochedwa n'kupeza munthu atathyoka kale. Chingerezi chake si chovuta kwambiri, kupatula m'malo momwe akufotokoza mbiri ya malamulo ndi ziwerengero, momwe ine ndinkawodzera n'kubwerezanso mawa lake. Ngati muli ndi wachinyamata amene akuti akufuna kukhala loya womenyera ufulu wa anthu, musamupatse filimu yokha. Mupatseni buku, ndipo mumuuze kuti akafika pa Jimmy Dill aime kaye, adzifunse ngati angapitirize. Akati inde, mwina ndi wake wa ntchitoyo.

Koma ndikusiyirani funso lomwe ine sindinalimalize, ndipo ndikufuna ndimve makamaka kwa inu amene munaphunzitsapo m'bale ndi thukuta lanu, komanso inu amene munaphunzitsidwa ndi thukuta la wina. Maphunziro aja akatha, ndi a ndani? A amene analipira, a amene anaphunzira, kapena a mlonda uja akuyenda m'maofesi ndi kalata yake m'jumbo? Ine ndikubwerera pa benchi, mpunga wafika. Ndiwerenga maganizo anu madzulo ndikaweruka.